Kumata sampu ndi silikoni: zoyenera ndi zosayenera

Galimoto zoyenda njira za ku Nambuma, Nsaru ndi Kabudula zimakwechesa mimba pansi kawirikawiri, makamaka ma Probox ndi ma Sienta akadzaza matumba mpaka kudenga. Chimene chimayamba kukumana ndi mwala ndi sampu, chibeseni chosunga oyilo kunsi kwa injini. Injini zambiri za masiku ano, monga 1NZ-FE ya Toyota imene ili m'ma Probox ambiri, zilibe gasiketi pa sampu. Kufakitale amangomata ndi mankhwala a mtundu wa silikoni, ndipo mukamasula muyenera kumatanso chimodzimodzi. Ntchitoyi ndi yophweka, koma yapha injini zambiri chifukwa cha dzanja lolemera pofinya chubu.

Musanamasule

Zoyenera: Tsukani injini, iume, muilize kanthawi, kenako musuzumire ndi tochi kuti muone pamene oyilo akuyambira. Yambani kuyang'ana kumwamba n'kumatsika.

Zosayenera: Musaweruze sampu chifukwa chakuti ndiyo yanyowa. Oyilo wochokera pa chivundikiro cha mavavu, pa filita, pa siilo ya crankshaft kapena pa washa ya bawuti yokhuthulira amatsikira pansi ndithu, ndipo sampu imasenza mlandu wa ena. Washayo ndi yotchipa kwambiri poyerekeza ndi tsiku lathunthu la ntchito.

Pokweza galimoto

Zoyenera: Imikani pamalo olimba ndi athyathyathya, ikani zochirikiza zachitsulo, tsekerani matayala. Oyilo wakale mukhuthulire m'chigubu chotsekeka.

Zosayenera: Musalowe kunsi kwa galimoto yodalira jeke yokha kapena njerwa zosanjikiza. Njerwa imaswekeratu osachenjeza. Oyilo wakudayo musathire m'ngalande yopita kudimba kapena kumtsinje wa Nambuma.

Posankha silikoni

Zoyenera: Gulani silikoni wa injini, wolembedwa RTV, wopirira oyilo ndi kutentha, ndipo pachubu pakhale mawu akuti sensor safe. Wakuda kapena wotuwa ndiye amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa sampu: Permatex Ultra Black, Ultra Grey, Reinzosil, kapena wa Toyota weniweni amene amatchedwa FIPG. Amene akupita ku Lilongwe, mutumeni ku Biwi kapena ku Malangalanga, ndipo mumulembere dzina papepala. Onani tsiku lotha ntchito, finyani chubu pang'ono kuti mumve ngati sichinalimbe m'kati.

Zosayenera: Musatenge silikoni womatira magalasi a mawindo ndi masinki, uja woyera wa m'mahadiweya. Mudzamudziwa ndi fungo la viniga. Fungolo ndi asidi amene amatuluka pouma, ndipo amadya chitsulo. Nthunzi za silikoni wosayenera zimawononganso sensa ya mpweya ya pa ekizozi, galimoto n'kuyamba kumwa mafuta mosadziwika bwino. Mtundu wa chubu usakupusitseninso: kufiira sikutanthauza kuti ndi woyenera pa sampu. Werengani zolembedwa.

Gasiketi kapena silikoni

Zoyenera: Tsatirani mmene injiniyo inapangidwira. Ngati inabwera ndi gasiketi ya labala, ikani gasiketi yatsopano, silikoni mungodontheza pang'ono m'makona mokumana zitsulo ziwiri, monga pamene chivundikiro cha kutsogolo chikumana ndi buloko.

Zosayenera: Musapake silikoni mbali zonse za gasiketi ya labala poganiza kuti mukuwonjezera mphamvu. Imaterera pomanga, n'kufinyikira kunja, kudontha n'kuyambira pomwepo.

Pochotsa ndi kuyeretsa

Apa ndi pamene ntchito imapambanira kapena kulepherera, ngakhale kuti ndi gawo limene amakaniko ambiri amalipatsira mwana wophunzira ntchito.

Zoyenera: Mabawuti onse akachoka, lowetsani kampeni kopyapyala pakati n'kumadula silikoni wakale mozungulira. Palani zotsala mbali zonse ziwiri, pa sampu ndi pa buloko, ndi chopalira cha pulasitiki kapena lezala yogoneka bwino. Chotsaninso zouma m'mabowo a mabawuti, chifukwa bawuti ikakafika pa zinyalalazo imaoneka ngati yamangika chikhalirecho sinagwire. Tsukani ndi brake cleaner kapena sinala, pukutani ndi nsalu yosasiya ulusi. Oyilo amapitiriza kutsetsereka m'makoma a injini kwa nthawi yaitali, choncho ipatseni nthawi ikhe, ndipo mupukutenso komaliza mutagwira kale chubu m'manja. Dontho limodzi pamlomo wa buloko ndi lokwanira kutsegula njira. Ikani lula yachitsulo pamlomo wa sampu. Ngati pozungulira mabowo patukuka chifukwa chomangitsa kale, gonekani pathabwa n'kuwongola ndi hamala pang'onopang'ono. Poti mwatsegula kale, yang'anani sefa ya paipi yokoka oyilo, muitsuke.

Zosayenera: Musakanule ndi sikuludilaiva ndi hamala. Mlomo wa sampu yachitsulo umapindika, wa aluminiyamu umakandika kapena kusweka, ndipo silikoni sangabise zonse. Musagwiritse ntchito girainda kapena sandipepa pafupi ndi injini yotsegula, mchenga wake umakathera m'mabering'i. Musatsukire dizilo kapena palafini komaliza, amasiya mafuta. Ndipo mwezi wa September kapena October, kamvuluvulu akamayenda pamsika, musagwire ntchitoyi pabwalo. Pezani khonde kapena tchingani ndi lona.

Pofinya

Zoyenera: Dulani kamlomo ka chubu pang'ono kunsonga, kuti mzere utuluke wa mamilimita 2 kapena 3, kunenepa ngati kamtengo ka machesi kapena kuposerapo pang'ono. Yendetsani mzere umodzi wosaduka kuzungulira sampu yonse. Pofika pa bowo la bawuti, dutsani mbali ya m'kati, kumene kuli oyilo, kapena lizungulireni lonse. Pomaliza, mzere ukumane ndi poyambira n'kupitirirako pang'ono.

Zosayenera: Musachulutse. Mukamanga mabawuti, silikoni amafinyikira mbali ziwiri. Wotulukira kunja mumamuona n'kumupukuta, koma wofanana naye watulukiranso m'kati kumene simukuona. Ameneyo akauma amalendewera, pakapita nthawi amaduka, n'kukatseka sefa ya pampu. Pampu ikasowa chokoka, mabering'i amayenda ouma, kanyali ka oyilo kamayamba kuphethira, mapeto ake injini yanoka. Mwini galimoto amadzaimba mlandu oyilo kapena dalaivala, osadziwa kuti vuto linalowa tsiku lomata sampu. Musapakenso ndi chala ngati mukudzoza, chifukwa pena pamachuluka pena pamaperewera. Chubu chimodzi chimakwanira sampu n'kutsalako. Chikatha chonse, dziwani kuti mwapyola.

Pomanga

Zoyenera: Konzeranitu zonse musanafinye: mabawuti pafupi, sipanala pafupi, mnzanu wogwirizira ali pomwepo. Silikoni amayamba kuuma pamwamba m'mphindi zochepa. Buku la Toyota la 1NZ-FE limapereka mphindi 3 zokha kuchokera pofinya kufika poika sampu. Kwezani molunjika, lowetsani mabawuti onse ndi zala, kenako mangani kuyambira pakati kupita kumapeto, uku ndi uku mosinthanasinthana, maulendo awiri kapena atatu. Timabawuti ta sipanala ya 10 pa kasampu kachitsulo ka injini imeneyi timafuna 9 Nm basi, mphamvu ya dzanja limodzi logwira pafupi ndi mutu wa sipanala. Mitundu ina ya silikoni, monga Ultra Black, imati mumange ndi zala, mudikire ola limodzi, ndiye mumalize. Chubu chanu chikunena chiyani? Chitani chimenecho.

Zosayenera: Musasunthesunthe sampu itakhudza kale buloko pofunafuna mabowo. Ikaterereka kwambiri, tsitsani, pukutani zonse, yambaninso. Musamange bawuti imodzi mpaka kumapeto anzake asanalowe. Musawonjezere paipi ku sipanala. Kumangitsa kumafinya silikoni yense n'kutha, kumapinda mlomo wa sampu, kumadya mazinga a aluminiyamu, ndipo kabawuti kakadukira m'buloko mwadzipezera ntchito ina ya masiku.

Podikira

Zoyenera: Lekani aume. Silikoni ameneyu amauma ndi chinyezi cha mumpweya, osati ndi kutentha kwa injini, choncho m'nyengo yozizira ndi youma ya June ndi July amachedwerapo kusiyana ndi nthawi ya dzinja. Toyota imati injini isalizidwe pasanathe maola 2. Mitundu yambiri ya m'mashopu imafuna maola 24 kuti iume bwinobwino. Matani masana, thirani oyilo mawa lake. Ikani washa yatsopano ndi filita yatsopano, thirani muyeso wake (1NZ-FE imamwa malita pafupifupi 3.7 pamodzi ndi filita), lizani, ndipo kanyali ka oyilo kazime m'masekondi ochepa. Kakapanda kuzima, zimitsani injini nthawi yomweyo.

Zosayenera: Musalole changu cha mwini galimoto kulamula ntchito. Nyengo ya fodya aliyense amafuna mabelo afike ku Kanengo, wamatola naye amawerenga ndalama ya tsiku imene ikumudutsa, ndipo makaniko amaopa kuti kasitomala apita kwa wina. N'zomveka. Koma oyilo wotentha akakumana ndi silikoni wosauma amadziboolera kanjira, ntchito yonse n'kubwerezedwa. Musayesenso kutseka kudontha popaka silikoni kunja kwa sampu yonyowa kale. Sagwira pa oyilo.

Kwa eni galimoto: mukatenga galimoto kugalaja, muigoneke pamalo ouma, yalani katoni kunsi kwake usiku, ndipo sabata yoyamba muziyeza oyilo m'mawa uliwonse musanalize injini. Mukaona silikoni watuluka mochuluka kuzungulira sampu yonse, bwererani kwa amakaniko mukapemphe kuti atsegule, aone sefa, amatenso.