Mwana Wophunzirira Pakhomo: Makolo Angapeze Kuti Thandizo?



M'dera lathu lino muli ana amene sapita kusukulu m'mawa uliwonse, koma makolo awo akuyesetsa kuwaphunzitsa pakhomo. Wina anamuimitsa zaka ziwiri kuti aloweze Qur'an. Wina ndi wodwaladwala, sangathe kuyenda mtunda wautali. Wina ndi mtsikana amene ali ndi khanda kumsana.

Chisilamu chimaika udindo wa mwana pamapewa a kholo. Mu Surat Luqman, ndime 13 mpaka 19, timamva bambo akulangiza mwana wake za tauhidi, swala ndi kudzichepetsa. Komatu udindowo sutanthauza kuti kholo liphunzitse lokha chilichonse. Nkhondo ya Badr itatha m'chaka cha 624, akaidi ena odziwa kulemba anadziwombola pophunzitsa ana a ku Madina kulemba. Akaidiwo sanali Asilamu, koma Mtumiki (SAW) sanakane luso lawo. Choncho bambo amene masamu a Fomu 3 amugonjetsa asachite manyazi kugogoda pakhomo pa ena.

Poyamba pezani silabasi. Amaikonza ndi a Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo mayeso a boma amachokera m'menemo. Kuphunzitsa mwana ndi manotsi akale a achimwene ake n'kumutayitsa nthawi, chifukwa silabasi inasintha: Physical Science ija tsopano ndi maphunziro awiri, Physics ndi Chemistry. A Malawi College of Distance Education amalemba mabuku oti munthu aziwerenga payekha, okhala ndi mafunso odziyesera. Amene ali pafupi ndi tauni apitenso kunthambi ya National Library Service.

Thandizo limene ndimaona kuti limaposa onse ndi sukulu za open, zija zimaphunzitsa masana m'makalasi a sekondale ophunzira a m'mawa akaweruka. Mnyamata wa hifz angathe kukhala ndi shehe wake kuyambira Fajr mpaka dzuwa litakwera, n'kupita kukaphunzira Chingerezi ndi Biology itatha Dhuhr. Ena amazinyoza sukulu zimenezi, amati n'za olephera. Ine sindivomereza. Mwana wongokhala pakhomo sagwira zipangizo za mulabotale, chonsecho pa MSCE pali mayeso a practical. Ndiponso mwana amafunika anzake otsutsana naye yankho. Tinaziona mu 2020 sukulu zitatsekedwa m'mwezi wa Malichi chifukwa cha COVID-19: maphunziro ankaulutsidwa pawailesi, koma wailesi sungaifunse pamene sunamve.

Kwa mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba, dziwani kuti kuyambira 1993 ndondomeko ya boma imamulola kubwerera m'kalasi akabereka. Kuphunzirira pakhomo kukhale kwa kanthawi, khanda likamakula.

Pamene mabanja ambiri amapunthwa ndi pa mayeso. MANEB imalola munthu amene sali pasukulu kulemba ngati external, koma ayenera kulembetsa pamalo olembera mayeso ndi kulipira nthawi isanathe. Ntchitoyi imachitika miyezi ingapo mayeso asanafike, ndipo mwana wa pakhomo alibe mphunzitsi wamkulu womukumbutsa. Tsiku likangodutsa, chaka chathunthu chapita. Kumbukiraninso kuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena, ndiye ngati ndalama ya mphunzitsi wapadera ikukwana phunziro limodzi lokha, iperekedwe pa Chingerezi.

Makomiti a mizikiti nawonso ali ndi mbali yawo. Chipinda cha madrasa chimakhala chotseka m'mawa wonse, pamene achinyamata athu omaliza Fomu 4 akungokhala podikira zotsatira. Ana anayi kapena asanu ophunzirira pakhomo angakumane m'menemo katatu pa sabata. Makolo amene mukufuna kudziwa masiku olembetsa mayeso, bwerani kuofesi ya sukulu, insha Allah tidzakuthandizani kufunsa.