Makina osokera a kaunjika: ayeseni asanadye mpamba

Sukulu zikamayandikira kutsegulira mu Seputembala, maoda a yunifolomu amachuluka ndipo ambiri amaganiza zogula makina osokera. Poti atsopano ndi odula, maso amathamangira ku ogwiritsidwapo kale ntchito. Maganizowo ndi abwino, koma wogula osayesa akhoza kutaya mpamba wonse pa chitsulo chongokhala pakhonde.

Funso loyamba ndi la zipangizo. Makina akuda opalasa ndi mapazi, monga Singer yakale ndi Butterfly, ambiri anapangidwa mofanana, choncho bobini, lamba ndi singano zake zimapezeka m'misika ngati wa Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo amisiri amawadziwa. M'kati mwake ndi zitsulo zokhazokha, komanso magetsi akazima ntchito siima. Makina ambiri amakono a pakhomo ali ndi magiya a pulasitiki, ndipo limodzi likathyoka, lina lolowa m'malo mwake limavuta kupeza.

Wofuna a magetsi awerenge kachitsulo kolembedwa pa mota. Magetsi a ESCOM ndi a mphamvu ya 230 volts, monga a ku Britain. Makina ochokera ku America amafuna 120, a ku Japan 100, ndipo kuwalumikiza popanda thiransifoma ndi kuwotcha mota. Singano nazo zimasiyana: ya makina a pakhomo ndi yophwatalala mbali imodzi kumutu kwake, pomwe ya makina ambiri a m'fakitale, monga Juki, ndi yobulungira.

Utoto wowala usapusitse munthu, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wogula apite ndi ulusi, singano yatsopano ndi zidutswa zake: chitenje, nsalu ya yunifolomu ndi jinzi yopinda kanayi. Ayambe wazungulitsa gudumu ndi dzanja. Liyenera kuyenda mofewa, osagwiragwira. Agwedeze chitsulo chogwira singano: chikamasewera, ndiye kuti chadyeka. Aone ngati mano okoka nsalu sanaphwe, ndipo apendeketse mutu wa makinawo kuti aone dzimbiri kapena powotcherera kunsi.

Kenako asoke yekha, mofulumira ndi pang'onopang'ono. Msoko ufanane pamwamba ndi pansi. Ulusi ukamabwerera wolendewera kunsi, kawirikawiri vuto ndi kakokedwe ka ulusi wa pamwamba, ndipo amangomanga. Koma makina akamalumpha msoko ngakhale singano ili yatsopano komanso yoikidwa bwino, vuto lili pomwe singano imakumana ndi shatulo, ndipo pamenepo pafunika mmisiri ndi ndalama. Amene sanazolowere makina atenge telala wodziwa. Kumugulira nkhomaliro n'kotchipa kusiyana ndi kukonzetsa.

Mtengo weniweni ndi womwe wogulitsa watchula, kuphatikiza kukonzetsa, lamba, mafuta, tebulo ngati agulitsa mutu wokha, ndi thiransipoti. Zonsezi zikayandikira mtengo wa atsopano, palibe chomwe wapulumutsa. Vuto lililonse lomwe lapezeka poyesa ndi chifukwa chotsitsira mtengo pokambirana.

Pomaliza, ogula ndi ogulitsa alemberane kalata yokhala ndi nambala yodindidwa pa makinawo, mtengo, tsiku ndi mboni. Kupezeka ndi katundu wakuba ndi mlandu, ndipo makina akalandidwa ndalama sizibwerera. Wogulitsa akakana kuti makina ayesedwe kapena kulemba kalata, wogula asunge ndalama zake.