Tizigoba ta M'nyanja Timene Timaulula Zaka za Miyala

Ambirife pano pa seminale tikamva za Gubbio timakumbuka Fransisko Woyera ndi mmbulu uja. Koma ine, anzanga, ndifuna ndikusimbireni za miyala ya mumzinda umenewu wa ku Italy.

Tiyambe ndi tizilombo totchedwa foraminifera, timene timakhala m'nyanja zamchere. Kalikonse ndi selo limodzi lokha, ndipo tambiri timadzimangira kachigoba ka laimu kochepa ngati kamchenga. Tikafa, tizigobato timamira ndi kuunjikana pansi mpaka matopewo amasanduka mwala. Nicolaus Steno, amene pambuyo pake adakhala episkopi, adafotokoza mu 1669 kuti miyala yoyalana chonchi, yapansi ndiyo yakale. Tsono popeza mitundu ya tizilomboti imasintha m'kupita kwa nthawi, katswiri akaona tizigoba pa maikulosikopu amadziwa nyengo imene mwalawo udapangika.

Ofufuza mafuta amatidalira kwambiri. Chitsulo chobowolera pansi chimaphwanya mafupa ndi zigoba zazikulu, koma tating'onoti timatuluka tathunthu, ndipo timawauza kuti afika pa miyala ya nyengo iti.

Tibwerere ku Gubbio. M'chigwa cha Bottaccione muli miyala ya laimu imene kale idali pansi pa nyanja, ndipo pakati pake padutsa kamzere ka dongo kochindikala pafupifupi sentimita imodzi. Kunsi kwa kamzereko tizigoba n'tambiri, tamitundumitundu. Pamwamba pake pangotsala tochepa, tonyentchera. Chidatipha n'chiyani?

Walter Alvarez ndi bambo ake a Luis, pamodzi ndi anzawo awiri, adayeza dongolo napezamo iridium yambiri. Chitsulo chimenechi n'chosowa m'nthaka yathu koma chimapezeka m'miyala yochokera kumwamba. Mu 1980 adalengeza kuti chimwala chachikulu pafupifupi makilomita 10 chidagwa padziko, fumbi lake n'kuphimba dzuwa. Masiku ano akatswiri amati izi zidachitika zaka 66 miliyoni zapitazo, nthawi imene madinosaur adatha. Ambiri adakayika, ndipo sindikuwadzudzula, pakuti dzenje lake linali lisanadziwike. Mu 1991 padatuluka umboni wakuti lili ku Chicxulub, ku Mexico, lokwiririka pansi pa miyala.

Mafupa a madinosaur ndi osowa, kotero paokha sakadaonetsa bwino kuti imfayo idadza mwadzidzidzi. Koma tizigoba timapezeka tambirimbiri m'kachidutswa ka mwala kokwana m'dzanja, ndiye munthu angathe kutiwerenga mzere ndi mzere mpaka kuloza ndi chala pamene tidathera.