Dayi adanditupitsa nkhope: kodi tiyi ndi khofi angabise imvi zanga?

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 41, wa ana atatu. Imvi zidandiyamba ndili ndi zaka 33, pano zadzaza pachipumi ndi m'mbali mwa makutu. Kwa zaka zinayi ndinkathira dayi wakuda wa timapaketi ta kumsika. Chaka chatha nditathira, usiku m'mutu mudayabwa koopsa, kutacha zikope zidatupa moti mwana wanga wamng'ono adandithawa, kuseri kwa makutu kudatuluka matuza. Kuchipatala adandiuza kuti ndisadzathirenso.

Mwana wanga woyamba ali ndi chinkhoswe mwezi wamawa. Alamu anga, achemwali awo a bambo a kunyumba, adanena pagulu kuti anthu adzayesa ndine agogo ake a mwanayo. Iwo adaseka, koma ine mawuwo akundidya. Pa WhatsApp ndaona mayi wina akudetsa tsitsi ndi tiyi, khofi ndi mandimu, ndipo mnzanga akuti kuli henna wakuda wachilengedwe. N'zoona zimenezi? Tsitsi langa ndi lowotcha.

Wodandaula, Zomba

Mayi,

Ndiyambe ndi henna wakudayo, chifukwa ndi amene angakugonekeni m'chipatala chinkhoswe chili pakhomo. Henna weniweni ndi masamba osinja a kamtengo kotchedwa Lawsonia inermis. Ufa wake ndi wobiriwira, umanunkhira ngati udzu wouma, ndipo mtundu umene amapereka ndi umodzi basi: wofiira ngati njerwa yowotcha. Sadetsa. Paketi yolembedwa kuti black henna, yolonjeza kuti tsitsi lida bii m'mphindi zochepa, kawirikawiri imakhala ndi mankhwala otchedwa PPD, omwewo amene ali m'madayi ambiri akuda. Zikope ndi matuza mwafotokozazo zikufanana ndi za thupi limene ladana ndi PPD. Likadana naye silimuiwala. Zaka zinayi zimene munkathira bwinobwino zidapita, ndipo ulendo wachiwiri umakonda kuipa kuposa woyamba, ena mpaka kubanika. Akuchipatala adanena zoona, musawayese.

Tsopano za kukhitchini. Dayi wa m'sitolo amatsegula timamba ta tsitsi n'kulowetsa mtundu m'kati mwenimweni. Tiyi ndi khofi salowa, amangomata pamwamba, monga mmene kapu yoyera imadera m'kati mukamamwera tiyi tsiku ndi tsiku. Imvi zoyera mbee zimazimirira n'kukhala zofiirirako, munthu ali patali saziona msanga, koma kuda bii ayi. Mukasamba m'mutu kawiri katatu, zabwerera. Mayi wa pa WhatsApp uja akadakuonetsani mutu wake sabata yotsatira, mukadamvetsa.

Komabe pa zonse mwatchulazi, tiyi ndi amene ndingakuloleni ndi mtima pansi. Tengani masupuni anayi a masamba a tiyi wathu yemweyu wa ku Thyolo kapena Mulanje, muthire m'makapu awiri a madzi, muwiritse mpaka patsale kapu imodzi ya tiyi wakuda ngati wa pamaliro. Shuga ayi. Akazizira musefe ndi kansalu. Sambani m'mutu kaye kuti mafuta achoke, kenako weramirani m'beseni, muzithira tiyiyo ndi kumutunganso, mobwerezabwereza, makamaka pachipumi. Valani jumbo kumutu ola limodzi, mutsukuluze ndi madzi ozizira opanda sopo. Kawiri pa sabata kuyambira lero, pofika tsikulo mudzaona kusiyana. Tiyi amaumitsa tsitsi, choncho likauma dzolani mafuta a nsatsi pang'ono, ndipo pamapewa ndi papilo pazikhala chitenje chakale.

Khofi amachita chimodzimodzi, koma samalani naye. Ine ndidapakapo phala la khofi m'mawa wa ukwati wa mwana wa achimwene anga, osatsukuluza bwino poopa kuti mtundu uchoka. Unali mwezi wa October. Tili m'tchalitchi thukuta lidayamba, ndipo mayi wa kumbuyo kwanga adandikodola n'kundipatsa kansalu osanena kanthu. Kolala ya bulauzi yanga yoyera idali itachita mizere ngati khoma lodontha.

Ena amagwiritsanso ntchito chidede ndi bitiruti, koma izi zimapereka kufiira kumene patsitsi lakuda kumangooneka padzuwa, koma paimvi kumatuluka pinki. Mandimu asiyeni: sadetsa, amayezula tsitsi mukakhala padzuwa ndi kuliumitsa, ndipo tsitsi lowotcha ngati lanu, lofooka kale ndi mankhwala, limangothothoka.

Chomera chimene chimagwiradi ndi henna weniweni uja, chifukwa utoto wake umamatirira ku tsitsi ndipo suchoka ndi sopo. Vuto lake n'lomwelo: mukadana nawo mtunduwo, mudikira kuti tsitsi likule mumete, pomwe limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi. Imvi zanu zidzasanduka zofiira ngati lalanje. Ofuna kuda amatsatiza ufa wa chomera china, indigo, akatsukuluza henna. Mukafuna njira imeneyi, gulani paketi yolemba zonse zimene zili m'kati. Yosalemba isiyeni pashelefu, poti ena amasakanizamo PPD kapena michere ya zitsulo imene imawononga tsitsi lothira mankhwala. Poti inu mudatupapo, kaionetseni paketiyo kuchipatala. Kenako yesani pa tsitsi lotsalira m'chipeso kuti muone mtundu, mupakenso kadontho kuseri kwa khutu, mudikire maola 48. Pakayabwa kapena kufiira, zathera pomwepo. Papite masabata awiri kuchokera tsiku limene mudawotcha tsitsi, ndipo henna asafike pakhungu la khanda, ana ena amawasokoneza magazi. Kunena moona, mwezi umodzi ndi wochepa kuyesera zonsezi. Ndikadakhala inu, henna ndikadamusungira chinkhoswe chikadutsa.

Za alamu anuwo. Imvi za pa zaka 33 nthawi zambiri n'zakumtundu; tayang'anani mitu ya kwanu, mupeza mayi kapena amalume amene adayamba msanga. Zimabwera timbewu topanga mtundu m'mizu ya tsitsi tikasiya ntchito, sizikunena kanthu za ukalamba wanu. Alamu amaseka, chilamu n'chotero, koma anthu ambiri sadziwa kuti mudatupa nkhope. Alamuwo akokereni pambali muwauze zimene zidakuchitikirani ndi dayi, ndi kuti nthabwala ija idakupwetekani. Bambo a kunyumba amvenso, poti ndi mlongo wawo.

Ndipo pachinkhoswe mayi a mwana amavala duku la nsalu ya yunifolomu. Likamangidwa bwino, zotsala poyera ndi tiimvi ta pachipumi tokha, tomwe tiyi uja adzakhala atatizimiritsa kale. Uzani atelala lero lomwe kuti akusungireni nsalu yokwanira duku lalikulu.

Azakhali