Mawu Amene Timalemba Pansi pa Chithunzi cha Mnzathu

Tiwerenge ndime izi mosinthana, kenaka tikambirane mafunso ali kumapeto.

Pa DeviantArt, malo a pa intaneti amene anayamba mu 2000, anthu amaikapo zithunzi zimene ajambula pa kompyuta kapena pa foni kuti anzawo anenepo maganizo. Ena mwa iwo angoyamba kumene. Munthu amachezera usiku wonse akujambula pa Krita, pulogalamu yaulere, m'mawa n'kupeza wina wangolemba kuti, "Zabwino." Winanso walemba kuti, "Sudziwa kujambula iwe." Woyambayo sanamuphunzitse kanthu. Wachiwiriyo akhoza kumugwetsa ulesi mpaka kusiyiratu. Paja m'mera mpoyamba.

Ndemanga yothandiza imayamba ndi kuyang'anitsitsa. Tchulani chenicheni chimene chakoma: "Kuwala kochokera kumanzere kwaonetsa bwino tsayali." Kenaka sankhani cholakwika chimodzi, osati zisanu, ndipo muonetse njira yokonzera: "Mthunzi uli kumanzere komwe kukuchokera kuwala, pamene uyenera kugwera kumanja. Tayesani kuujambula pa layer yakeyake kuti muzitha kuusuntha osawononga nkhope." Nenani za chithunzi, osati za mwini wake. Ngati sanapemphe kuuzidwa zolakwika, yambani mwamufunsa.

Mafunso okambirana

1. N'chifukwa chiyani mawu akuti "Zabwino" paokha sakwanira?
2. Kodi kulimbikitsa munthu kumasiyana bwanji ndi kumunamiza kuti asangalale?
3. Ndi mawu ati amene munauzidwapo amene anakupatsani mphamvu yopitiriza ntchito inayake?

Zochita sabata ino: pezani chithunzi cha wojambula wongoyamba kumene, mumulembere ndemanga motsatira njirayi, ndipo mudzatiwerengere tikadzakumananso.