Njira ya namwino wopita kukagwira ntchito ku UK: poyambira, podutsa ndi pofikira

Anamwino ambiri akaganiza zokagwira ntchito kunja amayamba ndi kufunsa za viza, chonsecho viza ndiyo imabwera pomaliza. Ndondomeko yake ndi iyi: choyamba bungwe loyang'anira anamwino m'dziko limene mukupitalo livomereze maphunziro anu, kenako chipatala chikulembeni ntchito, ndipo mukatero m'pamene boma limakupatsani chilolezo cholowera. Wina aliyense wokuuzani kuti muyambire kumapetoku akungofuna ndalama zanu. Malangizowa akhazikika pa njira ya ku UK, imene anamwino ambiri a kuno kwathu amaifunsa, koma tidutsanso mwachidule pa njira za mayiko ena.

Dziwani kaye pamene dziko lanu lili

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lili ndi mndandanda wa mayiko amene ali ndi anamwino ndi madokotala ochepa kwambiri. Mndandanda wa 2023 uli ndi mayiko 55. Malawi ndi Mozambique analipo kale, ndipo Zambia ndi Zimbabwe anawonjezedwa chaka chimenecho. Boma la UK limautsatira ndipo limautchula kuti red list. Zipatala za boma za NHS ndi makampani ofunira anthu ntchito saloledwa kubwera kudzakopa anamwino m'mayiko amenewa, kaya pochititsa misonkhano m'mahotela kapena pomwaza uthenga pa Facebook ndi WhatsApp.

Izi sizikutanthauza kuti inu mwatsekeredwa. Lamuloli limakulolani kufunsira ntchito nokha, mwachindunji, ku chipatala chimene chalengeza kuti chili ndi malo, popanda munthu wapakati. Ndiye mukaona kampani ikulengeza ku Lilongwe kapena ku Lusaka kuti ikutumiza anamwino ku NHS, dziwani kuti mwina ikuphwanya ndondomeko ya dziko lomwe ikuti ikutumizeniko, kapena ndi akamberembere basi.

Mapepala a kwathu

Ku UK namwino sagwira ntchito asanalembedwe m'kaundula wa Nursing and Midwifery Council, imene anthu amangoti NMC. Mumatsegula akaunti pa intaneti, n'kutumiza pasipoti, satifiketi ya maphunziro ndi umboni woti munalembetsedwa kwanu. NMC imafunsanso bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi kuti litsimikize kuti ndinu namwino weniweni ndipo mulibe mlandu pa ntchito. Choncho laisensi yanu ikhale yolipiridwa, ndipo pitani nokha ku ofesi yawo ku Lilongwe mukafunse mmene pempholi liyendere, chifukwa fomu yongotumizidwa popanda woilondola imatha kugona pa desiki.

Pali zinthu zitatu zimene zimakola anthu apa. Choyamba ndi dzina. Ngati pa satifiketi pali dzina la kwa makolo pomwe pa pasipoti pali la kubanja, konzeranitu chikalata cha ukwati. Chachiwiri ndi mulingo wa maphunziro. Njira iyi ndi ya registered nurse, monga amene anatenga digiri ku KUHeS kapena ku Mzuzu University. Nurse midwife technician afunse kaye NMC asanawononge ndalama pa mayeso, ndipo nthawi zambiri nzeru ndi kuyamba wakweza maphunziro konkuno. Chachitatu, kwathu kuno munthu mmodzi amakhala namwino komanso mzamba, koma ku UK awa ndi magawo awiri osiyana m'kaundula, aliyense ndi mayeso ake. Sankhani limodzi. Ngati munaphunzira pa ndalama za boma kapena za mpingo ndipo munasainira zaka zoti mugwire ntchito, thanani nazo kaye musanasiye ntchito, popeza kalata ya abwana anu mudzaifuna.

Mayeso a Chingerezi

Ambiri amadabwa kuti munthu amene anaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale akulemberanjinso mayeso. Chifukwa chake n'choti mu wodi timayankhula ndi odwala m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, ndipo NMC imafuna umboni woti mutha kumvana ndi wodwala m'Chingerezi. Mayeso ovomerezeka ndi awiri. Pa IELTS Academic pamafunika 7 pa kuwerenga, kumvetsera ndi kuyankhula, ndi 6.5 pa kulemba. Pa OET pamafunika B pa magawo atatu omwewo ndi C+ pa kulemba. OET ndi yokwera mtengo, koma mafunso ake ndi a kuchipatala: mumalemba kalata yotumiza wodwala kwa dokotala wina, n'kuyankhula ndi woyesa amene akudziyesa wodwala kapena wachibale wake.

Zotsatira zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha. Musalembe mayesowa mapepala ena asanalongosoke, kuopa kuti zingathe mphamvu muli pakati pa njira. Gawo la kulemba ndilo limagwetsa ambiri, ndiye pezani munthu woti azichonga zimene mwalemba, osangodalira mavidiyo a pa YouTube.

Mayeso a pa kompyuta

NMC ikavomereza mapepala anu, mumalemba CBT. Awa ndi mayeso a pa kompyuta olembedwa pa malo a Pearson VUE musananyamuke. Ali ndi magawo awiri: masamu a mankhwala ndi madiripi, kenako mafunso a unamwino monga amauchitira ku UK. Werengani bwino malamulo a NMC otchedwa The Code, makamaka za chilolezo cha wodwala, kusunga chinsinsi ndi kuteteza ana ndi okalamba.

Musayerekeze kulola munthu wina kukulemberani. Mu 2023 NMC inapeza chinyengo pa malo ena olembera CBT ku Ibadan, m'dziko la Nigeria, ndipo inafafaniza zotsatira za onse amene analembera pamenepo, olakwa ndi osalakwa omwe. Ena anali atayamba kale ntchito ku UK.

Pa mitengo ya 2024, kuunika mapepala kunali £140, CBT £83, mayeso a manja a OSCE £794, ndipo kulowa m'kaundula £153. Zonsezi zimalipiridwa pa khadi, m'mapaundi. Ndi kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki athu, komanso kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, khadi imatha kukana pa tsiku lenilenilo. Kambiranani ndi banki yanu kukadali nthawi, kapena pemphani wachibale wodalirika amene ali kunja kuti akulipirireni, inu mum'bwezere konkuno.

Kufunsira ntchito

Malo a ntchito amalengezedwa pa NHS Jobs ndi pa Trac, komanso pa masamba a zipatala zomwezo. Namwino wongoyamba amakhala pa Band 5, imene ku England mu 2025 inkayambira pa £31,049 pa chaka msonkho usanadulidwe. Musanakhoze OSCE mumalandira malipiro a pansi pake, Band 3 kapena 4. Intavyu imachitika pa vidiyo, choncho sankhani malo a netiweki yabwino, ndipo foni ndi laputopu zikhale zodzaza moto poti magetsi sapanganika. Dziwaninso kuti kuyambira 2024 zipatala zambiri za NHS zachepetsa kulemba anamwino ochokera kunja, ndiye musasiye ntchito yanu musanagwire kalata m'manja.

Musanasaine chilichonse, fufuzani dzina la olemba ntchitowo pa mndandanda wa boma wotchedwa register of licensed sponsors pa gov.uk. Ngati palibe, sangakutengereni viza. Mu kontirakiti werengani mofatsa ndime ya kubweza ndalama. Zipatala zambiri zimalipira tikiti ya ndege, viza, OSCE ndi nyumba ya masabata oyamba, koma mukachoka zaka zimene munagwirizana zisanakwane mumabweza gawo lina. Funsani kuti ndi zingati ndipo zimachepa bwanji chaka ndi chaka. Paja safunsa anadya phula.

Viza yeniyeniyo

Viza ya anamwino ndi Health and Care Worker visa, imene inayamba mu Ogasiti 2020. Olemba ntchito amakupatsani Certificate of Sponsorship, imene ambiri amangoti CoS. Si pepala ayi, ndi nambala chabe, ndipo muyenera kuigwiritsa ntchito pasanathe miyezi itatu. CoS sigulitsidwa. Malamulo a ku UK salola kulipiritsa munthu ndalama pomupezera ntchito, ndipo amene akuti mum'patse mamiliyoni kuti akupezereni CoS ndi wakuba, ngakhale atakhala wa mpingo umodzi ndi inu.

Pa fomu ya viza pamafunika pasipoti, nambala ya CoS, satifiketi yoti mulibe chifuwa chachikulu cha TB, ndi kalata ya kupolisi yoti mulibe mlandu. Satifiketi ya TB iyenera kuchokera ku chipatala chimene boma la UK linachivomereza, osati chipatala chilichonse, ndipo imatha pa miyezi isanu ndi umodzi. Kalata ya kupolisi imafunika kuchokera ku dziko lililonse limene munakhalako miyezi 12 kapena kuposera pa zaka khumi zapitazi, kotero amene anagwirapo ntchito ku Joni kapena ku Botswana ayambe msanga. Pafunikanso £1,270 imene yakhala mu akaunti masiku 28 osatsika, pokhapokha olemba ntchito atalemba pa CoS kuti adzakusamalani mwezi woyamba. Mukadzaza fomu mumakajambulitsa ndi kupereka zidindo za zala, ndipo yankho limabwera pa masabata atatu nthawi zambiri.

Ubwino wa viza iyi ndi woti ndi yotsika mtengo kusiyana ndi zinzake. Kuyambira Epulo 2025 inali £304 pa zaka zosapitirira zitatu, ndipo simulipira msonkho wa zaumoyo wa £1,035 pa chaka umene ena amalipira. Namwino amaloledwa kutenga mwamuna kapena mkazi wake ndi ana osakwana zaka 18.

Chenjerani ndi njira yachidule yoti mupite ngati wosamalira okalamba, mayeso a unamwino mukalembere komweko. Kuyambira pa 11 Malichi 2024 osamalira okalamba saloledwa kutenga mabanja, ndipo pa 22 Julaye 2025 njirayi inatsekedwa kwa ofunsira ali kunja kwa UK. Amene akugulitsabe malo oterewa akugulitsa chinthu chimene kulibe.

Pa ulendo ndi masabata oyamba

Kuchokera ku Kamuzu International Airport kapena ku Chileka kulibe ndege yolunjika ku London. Mumasintha ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Kalata ya ntchito, satifiketi ya TB, masatifiketi enieni a sukulu ndi adiresi ya kumene mukufikira zikhale m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi. Jekete yochindikala ikhalenso pafupi, makamaka pakati pa Novembala ndi Malichi, pamene kumazizira koopsa ndipo mu Disembala mdima umagwa cha m'ma 4 koloko masana. Nyama ndi za mkaka musanyamule, amalanda. Masoketi a magetsi ndi ofanana ndi a kwathu, ndiye tchaja yanu igwira ntchito.

Mukayamba ntchito muyenera kulemba OSCE pasanathe masabata 12. Mayesowa amachitikira ku UK kokha, m'malo osankhidwa monga Northampton ndi Leeds, ndipo ali ndi masiteshoni khumi. Mumalowa m'chipinda chokonzedwa ngati wodi, pabedi pali chidole kapena munthu wodziyesa wodwala, woyesa ali pambali ndi pepala lake. Mumasamba m'manja, n'kudzitchula dzina, n'kufunsa wodwala dzina ndi tsiku lobadwa uku mukuyang'ana kalamba ka pamkono pake, n'kufunsa ngati pali mankhwala amene amamuwenga, n'kupempha chilolezo musanam'gwire. Chilichonse mumachinena mokweza, chifukwa chimene woyesa sanachione kapena kuchimva amachitenga kuti simunachite. Namwino wa zaka khumi mu wodi yodzaza ya ku Queens amatha kulakwa chifukwa chozolowera kugwira ntchito mwachangu ndi mwakachetechete. Mumaloledwa kuyesa katatu, kubwereza masiteshoni okhawo amene munalakwa, ndipo mukalephera kachitatu mumadikira miyezi isanu ndi umodzi, zimene zingaike viza yanu pachiswe.

Viza imamangirizidwa kwa amene anakulembani ntchito. Mukafuna kusintha chipatala pafunika CoS yatsopano ndi kufunsiranso viza, ndipo ntchito ikatha mumapatsidwa masiku 60 kuti mupeze ina kapena mutuluke. Lowani m'bungwe la anamwino monga RCN kapena Unison mwezi woyamba womwewo. Musalonjeze achibale ndalama musanaone malipiro oyamba, chifukwa msonkho, penshoni, lendi, magetsi, gasi ndi msonkho wa khonsolo zimadya gawo lalikulu.

Njira za mayiko ena

Ku Ireland mumalembetsa ku bungwe la anamwino la NMBI, n'kulemba mayeso a RCSI ku Dublin kapena kuphunzira ntchito mu wodi kwa masabata angapo, kenako n'kutenga Critical Skills Employment Permit, imene pakatha zaka pafupifupi ziwiri imakufikitsani pa Stamp 4 yokulolani kugwira ntchito kulikonse. Ku America pamafunika mayeso a NCLEX-RN, satifiketi ya VisaScreen ndi viza ya EB-3, imene imapereka green card koma mzere wake ndi wa zaka. Kumapeto kwa 2025 boma la America linaikanso ziletso pa maviza ena a nzika za Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndiye funsani ku ofesi ya kazembe musanalipire kalikonse. Ku Australia mumadutsa ku bungwe la AHPRA, ndipo ambiri ophunzira ku Africa amalemba NCLEX-RN ndi OSCE ya komweko. Ku Germany khomo ndi chiyankhulo: muyenera kufika pa mulingo wa B2 m'Chijeremani.

Malamulo a maviza amasintha pafupipafupi. Mu Meyi 2025 boma la UK linalengeza maganizo otalikitsa zaka zisanu zimene munthu amadikira kuti apatsidwe chilolezo chokhazikika. Choncho pa sitepe iliyonse, musanatulutse ndalama, tsegulani gov.uk ndi nmc.org.uk muwerenge nokha zimene zalembedwa tsiku limenelo. Ndalama muzilipira ku mabungwe enieniwo basi, osati pa nambala ya foni ya munthu, ndipo risiti iliyonse muisunge.