Kugwiritsa Ntchito Foni ya M'manja Ngati Kompyuta ku Lisasadzi

M'nkhani ino ndifotokoza momwe foni ya m'manja ingagwirire ntchito ya kompyuta, potengera zosowa za ophunzira ndi alimi a fodya kwathu ku Lisasadzi, m'boma la Kasungu. Mfundo yanga ndi yakuti munthu ayambe wadziwa zomwe foni yake ingathe asanataye ndalama pogula zipangizo.

Ganizo losandutsa foni kukhala kompyuta lidayamba kale ndithu. M'chaka cha 2011 kampani ya Motorola idatulutsa foni ya Atrix yomwe inkalumikizidwa ku chipangizo chokhala ndi sikirini ndi kiyibodi. Mu 2015 Microsoft idabweretsa Continuum pa foni za Lumia 950, koma fonizi zidasiya kupangidwa. Mu 2017 Samsung idayambitsa DeX pa foni ya Galaxy S8. Foni ya DeX ikalumikizidwa ku TV ndi chingwe cha HDMI, mapulogalamu angapo amatseguka mbali ndi mbali monga zimakhalira pa kompyuta.

Njira imeneyi ndi yabwino, koma ili ndi zovuta ziwiri. Choyamba, imafuna foni yomwe polowera chingwe pake pamatulutsanso zithunzi. Foni zambiri zotsika mtengo sizitero, ngakhale polowera pake pakuoneka chimodzimodzi ndi pa foni zodula. Amene wagula chingwe osayesa pa foni yake angotaya ndalama: safunsa adadya phula. Chachiwiri, TV imadya magetsi ambiri kuposa foni, pamene nyumba zambiri kumudzi zimadalira kasola kakang'ono.

Pa chifukwa ichi, njira yomwe ndikuona kuti ndi yoyenera dera lathu ndi yowonjezera kiyibodi yokha. Kiyibodi imalumikizidwa kudzera pa Bluetooth, kapena pa kachipangizo kotchedwa OTG komwe kamalolanso mausi ndi fulashi. Foni imaimikidwa chopingasa, kuitsamiritsa pa mabuku, ndipo munthu amalemba ndi zala zonse m'malo mwa zala zazikulu ziwiri. Mapulogalamu monga Microsoft Word, Google Docs ndi WPS Office akaikidwa m'foni amalembeka popanda intaneti, kotero bandulo ya TNM kapena Airtel imafunika potumiza pokha.

Mlembi wa kalabu ya alimi angapindule kwambiri ndi njirayi. Fodya wa ku okushoni ya Chinkhoma amagulidwa m'madola a ku America, ndipo pa ndalamazo amadulapo ya mayendedwe, misonkho ndi ngongole ya zipangizo zaulimi. Mlembi akalemba dzina la mlimi, chiwerengero cha mabelo, makilogalamu ndi mtengo mu Excel kapena Google Sheets, foni imawonkhetsa yokha. Mlimi aliyense amaona poyera zomwe wapeza, ndipo kukayikirana m'kalabu kumachepa.

Ife ophunzira chiyankhulo tili ndi vuto lathulathu. Foni zambiri zimabwera zitatcheredwa kukonza mawu m'Chingerezi, choncho zimasintha mawu a Chichewa wolemba asakudziwa. Ndi bwino kuzimitsa chokonza mawucho tisanayambe kulemba, ndi kuonetsetsa kuti kachizindikiro ka m'mawu monga ng'ombe ndi m'mudzi sikadasowe.

Palinso zina zofunika kusamala. Mauthenga a WhatsApp amasokoneza maganizo, motero ine ndimazimitsa intaneti ndikamalemba. Foni imabedwa kapena kugwera m'madzi, ndiye ntchito iliyonse isungidwenso m'fulashi kapena itumizidwe ku imelo. Nkhani yokasindikiza pa boma ku Kasungu isandutsidwe kaye PDF kuti masamba asasokonekere.

Pomaliza, foni siingalowe m'malo mwa kompyuta pa ntchito zonse. Kafukufuku wa masamba ambiri amatopetsa maso pa sikirini yaing'ono. Komabe pa chimangirizo cha m'kalasi, kalata yofunsira ntchito kapena kaundula wa kalabu, foni ndi kiyibodi ndi zokwanira.